Celica yanga ya zitseko ziwiri, zaka 12 tsopano pa msewu wa Thyolo

Sabata yathayi ndili pa mzere wa mafuta pa Thyolo boma mnyamata wina, akuti wangoyamba kumene ntchito ku Limbe, anabwera pa windo n'kundifunsa kuti madala kodi galimotoyi simungandigulitse? Ndinamuuza kuti ayi. Nde akuti chabwino koma mundiuzeko chilungamo, ndikaitanitsa yangayanga ngati yomweyi ndidzalira kapena ndidzasangalala? Mzere unasuntha ndisanamalize kumuyankha. Si iye yekhatu, funso limeneli ndimalimva pafupipafupi, ena pa Bvumbwe ndikaima kugula kabichi, ena kutchalitchi, nde ndati bola ndikhale pansi ndilembe zonse zimene ndaona pa zaka zimene ndakhala nayo, zabwino ndi zowawa zomwe, kuti amene akuifuna adziwiretu.

Galimoto yake ndi Toyota Celica ya 2001, yasiliva, ya magiya a pamanja asanu. Ndinaitanitsa ku Japan mu 2013, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kudzalowa pa Songwe, ine ndinakwera basi kukaitenga komweko. Mpaka lero ndimakumbukira mmene ndinakwerera phiri la Chiweta tsiku limenelo, nyanja ili mmunsi uko, galimoto ikungotsata kulikonse kumene dzanja laloza osapendekeka ngakhale pang'ono. Ndisanafike n'komwe pa Mzuzu ndinali nditadziwa kale kuti imeneyi sindidzaigulitsa msanga.

Chimene chinandipangitsa kufuna Celica ndi malume anga, mzimu wawo uuse mumtendere. Ankagwira ntchito mu galaja ya pa esiteti ina ya tiyi konkuno, ndipo pakhoma pawo panali chithunzi cha Celica ya mpikisano ili m'matope ku Safari Rally ya ku Kenya. Ankakonda kutchula dzina la Carlos Sainz amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wa rally ndi Celica mu 1990 komanso mu 1992. Koma apa ndiyenera kunena mosabisa chifukwa anyamata ambiri amasokoneza: za mpikisano zija zinali ma GT-Four, zokoka matayala onse anayi komanso za turbo. Yangayi ndi mtundu womaliza wa Celica, umene unayamba kutuluka mu 1999 n'kusiya kupangidwa mu 2006, imakoka ndi matayala akutsogolo okha ndipo ilibe turbo. Dzina ndi limodzi koma musaganize kuti mukugula ija ya m'matope ija, iyi matope ndi adani ake enieni, ndifotokoza kutsogoloku.

Za ku Japan za mtundu umenewu zilipo ziwiri. Pali SS-I imene ili ndi injini ya 1ZZ-FE, mahosipawa 145, ndiye yangayi. Kenako pali SS-II ya injini ya 2ZZ-GE imene a Toyota anapanga mothandizana ndi a Yamaha, imeneyo imafika 190 ndipo ya pamanja ili ndi magiya asanu ndi imodzi. Zonse ndi 1.8 koma SS-II ija marevu akangodutsa 6000 imasintha mawu ngati yadzidzimutsidwa, imakankha kumsana ndithu. Ndinayendetsako ya mnzanga wina wa ku Blantyre ndipo sindikana, n'njokoma. Koma mudzifunse kuti pa msewu wathu uno mudzafika kangati pa 6000, komanso ikadzavuta injini imeneyo mudzaipeza kuti. Mukamayang'ana pa intaneti onani nambala ya chasisi, ikayamba ndi ZZT230 ndiye kuti ndi ngati yanga, ZZT231 ndi inayo. Ine munthu wokhala ku Thyolo kapena ku Mulanje ndingamuuze kuti atenge 230 basi, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Ulendo woyamba kupita nayo kwa makaniko wanga pa Luchenza, mkulu uja anaizungulira kawiri akupukusa mutu, amvekere achimwene izi n'za ku tauni izi, ine sindigwira ndingakuonongereni. Ndinamupempha kuti angotsegula boneti aone kaye. Atatsegula anakhala chete kenako anati aaa, kodi ndi Premio yavala suti eti! Ananena zoona. Injini ya 1ZZ ndi yomweyo imene ili mu Premio ndi Allion za 1.8, mu Wish, mu Fielder ya 1.8, magalimoto amene adzaza m'misewu muno. Nde mafyuluta, mapulagi, makoyilo, wotapampu, magasiketi, zonsezi ukalowa mu Limbe umatuluka nazo tsiku lomwelo pa mtengo wa Premio, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa mkati ndi kunja. Imayendera tcheni osati lamba wa taiming'i, nde nkhawa yoti lamba aduka ndili pakati pa ulendo ndilibe. Ichi n'chimene chandisungitsa galimotoyi zaka zonsezi ine wa malipiro a pamwezi. Anzanga amene anagula zothamanga za ku Ulaya nthawi imodzi ndi ine, zambiri zinakhala kalekale pa njerwa kuseri kwa nyumba kudikira sipeya.

Koma injini imeneyi ili ndi nthenda yake ndipo aliyense wogula aidziwe. Ma 1ZZ a zaka zoyambirira amadya oyilo. Timabowo ta pa mapisitoni tobwezera oyilo pansi ndi tating'ono, timatsekeka ndi mwaye, maring'i n'kumatirira, nde oyilo amangopsera limodzi ndi petulo. Utsi suoneka kwambiri poyamba, umangodabwa kuti dipisitiki yauma. Yanga inayamba pang'onopang'ono, pofika 2018 ndinkayenda ndi kabotolo ka oyilo mu buti nthawi zonse, Loweruka lililonse kum'mawa kusolola dipisitiki ndisanalize. Mu 2019 tinatsitsa injini, kusintha maring'i, kutsuka mapisitoni ndi kutsegula timabowo tija, chiyambire pamenepo ili bwinobwino. Langizo langa ndi loti oyilo musamamuchedwetse ndipo musamagule wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera, ine ndimasintha pa makilomita 5000 alionse olo thumba litavuta bwanji. Chizolowezi chosolola dipisitiki sindinachisiye mpaka lero.

Tsopano ndinene chimene ndimaikondera, chifukwa zonse ndanenazi Premio ingachitenso. Amene mumayenda pa M2 mukudziwa mmene msewu umakhalira ukangochoka pa Bvumbwe kulowera ku boma, makona motsatizana, kukwera ndi kutsika, tiyi wobiriwira mbali zonse ngati wina wachita kumeta ndi lumo. Lamlungu m'mamawa dzuwa likungotuluka kumene, msewu ulibe maminibasi, ndimatsitsa windo kuti ndimve fungo la dothi lonyowa, ndimaika giya yachitatu n'kuisiya momwemo. Umakhala pansi kwenikweni, miyendo itatambasuka kutsogolo, mpando utakugwira m'nthiti, ndipo msewu umaumva m'manja, ukaponda pamene phula lasintha chiwongolero chimakuuza. Pa kona sugwira ntchito yambiri, umangochepetsa moto pang'ono, kukhotetsa, galimoto n'kulowa yonse pamodzi ngati thupi lako lomwe, kenako kuponda potuluka. Ndi yopepuka komanso kumbuyo kuli sasipenshoni yabwino kuposa ya magalimoto wamba, n'chifukwa chake sigwedezeka ngati bwato. Ukadutsa pa boma n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Luchenza, phiri la Mulanje limangotulukira kutsogolo lonse lathunthu, masiku ena Sapitwa ali poyera, masiku ena atafunda mtambo, ndipo ine zaka 12 ndikuona zomwezi koma mtima umachitabe mwina. Ndimakafika pa Chitakale, kugula nanazi, kumwa tiyi, n'kubwerera. Palibe chimene ndimakatenga kwenikweni, ulendo wake ndi womwewo.

Msewu wa Midima ndi wachidule ukamachokera ku Limbe kupita ku Mulanje komanso ndi woongoka, anyamata amaukonda chifukwa amapondako mpaka pansi, koma kwa ine galimotoyi kumeneko imasanduka wamba. Kukoma kwake si liwiro ayi. Kunena zoona Mark X ingakusiye pa msewu woongoka osavutika n'komwe. Ndipo pa nkhani ya liwiroyi ndilankhule molimba pang'ono chifukwa ndimakhala konkuno ndipo anthu oyenda m'mbali mwa msewuwu ndi abale athu. M'mamawa muli amayi ndi abambo opita kukathyola tiyi, muli ana a sukulu, muli akabaza amene amatulukira pa kanjira ka m'munda osayang'ana, muli mathalakitala okoka ngolo za masamba a tiyi amene umangowapeza kuseri kwa kona akuyenda ngati nkhono. Nthawi ya chiperoni, June ndi July, chifunga chimatsika moti suona olo mamita makumi awiri, kamvula kakuwaza, phula likuterera, ndipo pamene thalakitala yatulukira kuchokera m'munda pamakhala dothi lofiira lija loterera ngati sopo. Galimoto yotsika chonchi woyendetsa saona patali ngati wa mu pikapu. Ndinaonapo ngozi pa makona amenewa zimene sindifuna kuzifotokoza. Amene akufuna Celica kuti azikaonetsa anzake kuti amathamanga, chonde asagule, kapena akagule koma asabwere nayo kuno.

Nde tibwere ku zowawa. Choyamba ndi kutsika. Mahampu a pa ma trading centre, ena amangidwa ngati mizere ya mbatata, ndipo ukalunjika nawo umamva khwee pansi mpaka mumtima. Ndinaphunzira kuwadutsa chopingasa, tayala limodzi kaye kenako linalo, amaminibasi akuliza mahutala kumbuyo koma ndilibe nazo ntchito. Mukakhala anthu atatu kapena anayi ndiye olo upingase imakhudzabe. Chimene chinandithandiza ndi matayala. Inabwera ndi 195/60R15, ine ndinasintha n'kuika 195/65R15, saizi ya Premio ndi Wish imene imapezeka paliponse komanso motchipirako. Imakweza galimoto pafupifupi sentimita imodzi, zikuoneka zochepa koma pa hampu n'zambiri, kungoti sipidomita imaonetsa liwiro locheperako pang'ono kuposa lenileni nde muzikumbukira mukamayandikira a traffic. Marimu ndi a manati asanu ofanana ndi a Premio. Za marimu akuluakulu ndi matayala opyapyala aja zisiyeni, dzenje limodzi la nthawi ya mvula rimu yapindika. Ndipo amene amadula masipuling'i kuti itsike kwambiri sindimawamvetsa, imeneyi ndi yotsika kale mokwanira.

Kwawo kwa mayi a kunyumba ndi kumtunda uku kudutsa Makwasa, ndipo kuchoka pa phula kukafika pakhomo pali kamtunda ka msewu wafumbi wa miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Mu January 2016 ndinakakamira kulowa nayo mvula itagwa usiku wonse. Pa chitunda china matayala akutsogolo anayamba kungozungulira pamodzimodzi, ndinabwerera mmbuyo kuti nditenge mphamvu, pokwera kachiwiri ndinamva phokoso pansi, kuyang'ana pa dashibodi kanyali kofiira ka oyilo kayaka. Mwayi wake ndinazimitsa nthawi yomweyo. Mwala unali utaboola sampu, oyilo yense ali pansi. Anyamata a m'mudzimo anatithandiza kuikankhira pambali, tinagona komweko, mawa lake makaniko anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Luchenza ndi sampu ina. Ndikanayendetsa mphindi ziwiri zokha injini ikanapita. Kuyambira pamenepo ndinawotcheretsa chitsulo chotchinga pansi pa injini, komanso mvula ikayamba galimoto ndimaisiya pa golosale ya pamsewu n'kukwera kabaza, palibenso zokambirana.

Chachiwiri ndi zitseko ziwirizi, ndipo apa mpamene pali nkhani yaikulu kuposa ya sampu. Kwathu kuno ukakhala ndi galimoto si yako wekha. Kukagwa matenda usiku amagogoda kwa iwe, pa maliro amayembekezera kuti unyamula azakhali ndi agogo, pa chinkhoswe chimodzimodzi, ndipo n'zoyenera, ifenso ena anatinyamulapo. Celica ndi ya anthu anayi pa pepala koma kumbuyo kuja n'kwa ana, munthu wamkulu mutu umagunda galasi, ndipo kuti alowe mpaka upinde mpando wakutsogolo iye awerame alowe chokwawa. Mayi wachikulire wovala chitenje chake mwaulemu sungamuuze zimenezo. Usiku wina mu 2017 apongozi anga aakazi anadwala mwadzidzidzi ali kwathu, kupuma kukuvuta. Kuwatsitsira pa mpando wotsika uja tinachita kuwanyamula anthu awiri, iwo akubuula, mayi a kunyumba atapanikizika kumbuyo akuwagwira mutu, mlamu wanga amene amafuna kutiperekeza anatsala chifukwa malo panalibe. Tinafika kuchipatala bwino ndipo anachira, tithokoze Mulungu, koma usiku umenewo ndili panja pa wodi ndinaiyang'ana galimoto ija ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndinaganiza za ine ndekha poigula. Ndinatsala pang'ono kuigulitsa. Mayi a kunyumba ndi amene anati ayi, tisunge ndalama tigule ina ya banja, iyi mukaigulitsa mudzakhala munthu wosasangalala m'nyumba muno. Chaka chotsatira tinapeza Sienta yakale, ndiye imene imagwira ntchito za pamudzi pano. Nde kwa mnyamata uja ndi ena onse, ngati iyi ikhale galimoto yokhayo pakhomo ndipo muli ndi makolo kumudzi, ganizani kawiri.

Buti yokha ndiye imadabwitsa anthu. Chitseko chakumbuyo chimatseguka chonse pamodzi ndi galasi, ukagwetsa mipando yakumbuyo matumba awiri a chimanga amalowa, ndanyamulamo mikoko ya nthochi, makaka, ngakhale njinga ya mwana. Timashoko togwira chitsekocho timafooka, ndasintha kawiri, tikafooka chitseko chimatsika chokha ndipo n'cholemera, samalani ndi ana. Poyenda chammbuyo kumbuyo sikuoneka bwino, umadalira magalasi a m'mbali. Zitseko ndi zazitali, pa malo opanikizana ngati mu Limbe umatuluka movutikira.

Chachitatu, chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri masiku ano, ndi masipeya a bodi. Injini ndi ya Premio inde koma galasi, nyali, bampa, magalasi a zitseko, zonsezi ndi za Celica yokha, ndipo poti anasiya kupanga mu 2006 zikusowa chaka ndi chaka. Mu 2022 thiraki ina inandiponyera mwala pafupi ndi Thuchila, galasi lakutsogolo linang'aluka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ndinazungulira Limbe yense, Ndirande, mpaka kuimba ku Lilongwe, osalipeza. Munthu wina wogulitsa magalasi anandilonjeza kuti alibweretsa kuchokera ku Joni, ndinapereka theka la ndalama, patatha miyezi iwiri linabwera la Celica ya mtundu wakale losakwana n'komwe, ndipo ndalama ija kuti ibwere ndinachita kuyendera kangapo. Ndinadzalipeza kudzera kwa mnzanga woyendetsa mathiraki a ku Johannesburg, miyezi isanu itadutsa, galimoto ili pa khonde chifukwa ndi galasi lotero COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ikanavuta. Phunziro lake mukamaitanitsa chilichonse tumizani nambala ya chasisi ndi chithunzi, musangoti Celica. Ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinangokwera kawiri, moti pano ndikamaimika ndimasankha malo akutali ndi anzanga, ndipo kabaza akayandikira kwambiri mtima umakhala m'mwamba.

Pa mafuta ilibe vuto. Thanki ndi ya malita 55, ndipo ine pa msewu wautali ndimapeza makilomita 12 kapena 13 pa lita ndikamayenda mwaulemu, mu tauni imatsikirako. Nthawi ya mizere ya mafuta ija ndikathira fulu ndinkatha masabata awiri osabwereranso. Zina zimene ndasintha pa zaka zonsezi ndi zanthawi zonse, kilatchi kamodzi, mashoko kawiri, mabushi ndiye pafupifupi chaka chilichonse mvula ikatha, rediyeta kamodzi itang'aluka pulasitiki ya pamwamba. Kupatula tsiku la sampu lija, limene linali vuto la msewu ndi kukakamira kwanga, sinandigonekepo panjira. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023 inakhala masabata angapo osatuluka, misewu inali itadukaduka ndipo nthawi imeneyo aliyense maganizo anali pa abale otayika ndi nyumba zogwa, za galimoto panalibe amene amaziganiza. Nditadzailiza inangolira kamodzi.

Ngati mwatsimikiza mtima kugula, ya muno kapena yoitanitsa, muilize injini ili yozizira m'mamawa ndipo wina aime kumbuyo aone ngati ikutulutsa utsi wabuluu, musolole dipisitiki, mufunse mwini wake kuti amathira oyilo kangati pakati pa sevisi ndipo mumuyang'ane m'maso akamayankha. Mugwade muone pansi ngati sampu ndi ekizozi zili zophwanyika. Koma koposa zonse muone bodi, nyali zonse zikhale zathunthu, magalasi opanda mng'alu, bampa yosamangidwa ndi mawaya. Bola kugula ya injini yotopa koma bodi yabwino kusiyana ndi ya injini yabwino bodi yophwanyika, chifukwa injini mukaipeza mu Limbe mawa lomwe pamene nyali mudikira miyezi. Ya otomatiki ilipo, ya magiya anayi, koma kwa ine imachotsa theka la kukoma kwake. Musaiwalenso kufunsa za msonkho musanatumize ndalama ku Japan, galimoto ya zaka zambiri chonchi dyuti yake ikhoza kukudzidzimutsani.

Iwe mnyamata wa pa mzere wa mafuta uja, ngati ukuwerenga, yankho lako ndi limeneli, ndipo galimoto sindikugulitsabe. Koma ukandionanso pa boma undiimitse, tidzapangane Lamlungu lina m'mamawa tidzatsikire limodzi ku Chitakale, udzakhale pa mpando wakumbuyo popita kuti udzamve mmene amayi ako angakhalire, pobwera ndidzakupatsa chiwongolero kuyambira pa Luchenza. Komanso amene akudziwa kumene kuli Celica ya mtundu umenewu yoonongeka imene akuphwasula, ndikufuna nyali yakutsogolo ya kumanzere, yangayi yayamba kulowa madzi.